Boma likamateteza moyo, limasiya ndani kunja?

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene yandikhala pamtima chiyambire 2020.

Pophunzitsa ku Collège de France mu 1976, katswiri wa za maganizo wa ku France, Michel Foucault, anati mphamvu za olamulira zinasintha. Mfumu yakale inkaopedwa chifukwa cha lupanga: ikafuna inkakupha, ikafuna inkakusiya. Boma la masiku ano limalowa m'moyo mwenimwenimo. Limatiwerenga pa kalembera, limalemba obadwa ndi omwalira, limabweretsa katemera, njira zolerera ndi sikelo ya ana. Foucault anazitcha biopolitics, kutanthauza ndale zolamulira moyo wa anthu. Zambiri mwa izi n'zabwino ndithu, ana anga onse anabayidwa katemera. Koma Foucault anaonanso kuti mphamvu yosunga moyoyi imasiya ena kuti afe, osawakhudza n'chala chomwe. Katswiri wina, Achille Mbembe wa ku Cameroon, anafika nayo patali mu 2003, ponena kuti ulamuliro umaonekera posankha woti akhale ndi moyo ndi woti afe.

Ine ndinazimvetsa mu Epulo 2020, boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21 pofuna kuthana ndi Covid-19. Mchemwali wanga amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Madzulo amenewo anakhala pamkeka, n'kumasula mfundo ya chitenje, n'kuwerenga zimene anapeza. Zinangokwana kaufa ka walkman ndi kamulu ka bonya. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, masiku onsewo ana adya chiyani?" Ndinasowa chomuyankha. Lamulolo linali loteteza moyo, koma moyo wa munthu wa malipiro apamwezi ndi thumba la chimanga m'nyumba. Mavenda, akabaza ndi aganyu sanali m'masamu amenewo. Pa 17 Epulo bwalo lalikulu la milandu linaimitsa m'bindikirowo bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC litakadandaula, ndipo thandizo la K35,000 pamwezi kwa mabanja osauka a m'mizinda linalengezedwa pambuyo pake.

Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700. Palibe amene anawaloza ndi mfuti. Ambiri ankangomwa madzi a m'zitsime zosatetezedwa, chifukwa mpope sunafike kwawo.

Pempho langa kwa inu ndi lakuti unduna wa zaumoyo ukatulutsa ziwerengero, musangozisindikiza. Tumizani atolankhani ku Mtandire, ku Ndirande ndi m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, akafunse kuti madzi akumwa amatunga kuti, ndipo chipatala chili mtunda wautali bwanji.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe