Galu wa malemu bambo anga amandiopa

Zikomo Gogo,

Ndikudziwa kuti ambiri amakulemberani za mabanja ndi zibwenzi. Ine yanga ndi ya galu, koma chonde musaitaye pambali chifukwa ikundisowetsa tulo.

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Bambo anga anatisiya mwezi wa Febuluwale kumudzi kwathu ku Chiradzulu, ndipo anasiya galu wamphongo wa zaka 6, dzina lake Tayiga. Ndi galu wachikuda, wofiirira, wamakutu oimirira. Chimwalirireni mayi, bambo ankakhala okha, ndiye mnzawo anali galuyu. Kudimba ankapita limodzi. Lamulungu ankawaperekeza mpaka pamtengo wa mango wa kunja kwa tchalitchi, n'kugona pomwepo kudikira kuti mapemphero athe. Akamadya pakhonde, mbamu yomaliza ya nsima inali yake. Sanamumangepo chingwe ngakhale tsiku limodzi. Ankangoimba likhweru kawiri, galu n'kutulukira kuchokera kulikonse kumene ali.

Zovuta zitatha, achibale anagawana mbuzi, njinga ndi wailesi, koma galu panalibe womufuna. Anagona pakhomo la nyumba yotseka masiku atatu osalawa kanthu. Wina anati tingomusiya, adzazolowera kutola m'madzala. Mtima wanga sunalole, ndipo ndinabwera naye kuno pagalimoto ya alamu anga.

Kulakwa kwanga kunayambira pomwepo. Ndinaopa kuti athawa kufuna kubwerera kumudzi n'kukagundidwa pamsewu, choncho ndinagula tcheni n'kumumangirira kuseri kwa nyumba. Analira usiku uliwonse kwa mlungu wathunthu mpaka aneba anayamba kudandaula. Usiku wina, nditatopa komanso chisoni cha maliro chikadali mumtima, ndinatuluka n'kumumenya ndi chikuni. Ndinamumenya kamodzi kokha, Gogo, koma mpaka lero akandiona amapinda mchira pakati pa miyendo, kugwetsa makutu, n'kukabisala kuseri kwa mulu wa njerwa. Ndikamuikira chakudya sadya ndikadali pomwepo, amadikira kaye kuti ndichoke. Ndikakumbukira mmene ankandithamangira pamsewu wolowera kumudzi ndikapita kukaona bambo, manyazi amandigwira.

Bambo a kunyumba nkhaniyi amaiona mwina. Iwo akuti galu ndi mlonda, si mwana. Anamanga kakhola ka malata kuti azitsekeredwamo masana onse osaona anthu, ati akamasulidwa usiku azikhala wolusa. Anzawo akuntchito anawauzanso kuti azimuthirira tsabola m'chakudya, ena mpaka anatchula chamba. Zimenezo ndinakanitsitsa. Sindikuwaweruza amuna anga, chifukwa chaka chatha akuba anatithyolera zenera tili m'tulo, ndipo mantha awo ndi anganso. Koma chimene ndikuona m'kakhola muja si ukali. Ndikuona galu amene akuonda, akungozungulira malo amodzi, akudzinyambita mwendo wakutsogolo mpaka ubweya kuthothoka. Mwezi wa Juni chiperoni chitabwera ndinamupeza m'mawa akunjenjemera pasimenti. Kumudzi ankauwa bwinobwino mlendo akafika usiku, chonsecho sanatsekeredwepo. Ine maganizo anga ndi akuti galu amalondera pakhomo pamene wapatenga kuti ndi kwawo, ndipo pano sanapatenge choncho. Kodi ndikuganiza molakwika? Nanga amuna anga ndingawafikire bwanji kuti tisamakangane pamaso pa ana chifukwa cha galu?

Si kuti ndangokhala manja lende. Mwezi wa Meyi kunabwera katemera waulere wa chiwewe, uja a bungwe la Mission Rabies akhala akupereka mu Blantyre muno kuyambira 2015, ndipo ankabayira pasukulu ya pulayimale yapafupi. Ine Tayiga sanalole kuti ndimugwire. Anapita naye ndi mwana wanga wamwamuna wa zaka 12, amene ankakonda kukakhala kwa agogo ake patchuthi, ndipo galu anamutsatira bwinobwino. Anabwera atamupaka utoto pamutu posonyeza kuti wabayidwa. Pambuyo pake ndinagula mankhwala a nkhupakupa ndi utitiri, ndi ena a njoka za m'mimba amene dokotala wa ziweto anati tizimupatsa miyezi 3 iliyonse. Chakudya ndinasiya kumupatsa mkute wokhawokha. Pano ndimaphika mgaiwa n'kusakaniza ndi bonya ndi masamba, m'mawa ndi madzulo, ndipo madzi sasowa m'beseni. Thupi layamba kubwerera pang'ono. Mtima wake ndi umene ndikulephera kuufika.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene chandipatsa chiyembekezo. Pochoka kumudzi ndinatenga jekete yakale ya bambo, ija ankavala popita kudimba. Tsiku lina ndikuyanika zovala inagwa pansi, Tayiga n'kutuluka kuseri kwa njerwa, kuinunkhiza nthawi yaitali, kenako kugonapo. Sindinaichape mpaka lero, ndinamuyalira m'khola. Kuyambira pamenepo madzulo aliwonse ndikaweruka ndimamutsegulira, n'kukhala pampando chapatali, osamuyang'ana m'maso, osamuitana. Ndimangoponya kausipa kamodzikamodzi, lero patali, mawa pafupi pang'ono. Patatha milungu 3 anafika mpaka kununkhiza chitenje changa. Nditangosuntha dzanja kuti ndimusisite anadumpha n'kuthawa, ndipo masiku awiri otsatira sanayandikirenso. Kodi ndinafulumira? Munthu amadziwa bwanji kuti nthawi yomugwira yakwana?

Lamulungu lapitali ndinachita china chimene chikundipwetekabe. Ndinayesa kuimba likhweru lija la bambo, kawiri ngati mmene ankachitira. Galu anadzambatuka, mchira uli m'mwamba kwa nthawi yoyamba chibwerereni kuno, n'kuthamangira kugeti. Anasuzumira pansi pa geti, anazungulira nyumba yonse, anabwereranso kugeti, kenako anakhala pansi n'kuyamba kulira. Inenso ndinalira. Tsopano ndasokonezeka: ndipitirize likhweru lomwelo mpaka azolowere kuti woitanayo ndine, kapena ndikumunamiza, ndipo ndi bwino ndipeze kaitanidwe kangakanga?

Palinso mwana wanga wamkazi wa zaka 4. Amafuna kumukumbatira m'khosi ngati chidole. Galu saonetsa mano, koma amangouma thupi lonse, kutembenuzira mutu kumbali ndi kunyambita milomo, ndipo ine ndimaona kuti sakusangalala. Ndikudziwa kuti munthu akalumidwa ayenera kutsuka bala ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala, koma sindikufuna tifike pamenepo, chifukwa tsiku limenelo amuna anga sadzalolanso kuti galuyu agone pakhomo pano. Pakadali pano ndamuletsa mwanayo kuyandikira galuyo ine ndikakhala palibe. Ndingawazolowetse bwanji awiriwa?

Amayi anzanga akumpingo amati ndikudzivutitsa, galu wamkulu sasintha mbuye. Msuweni wanga wakumudzi wanena kuti tsopano angathe kumutenga, azikayenda momasuka m'minda imene anakuliramo, ngakhale kuti kumeneko chakudya chake sichingakhale chodalirika ndipo katemera angamaiwalike. Apa ndi pamene pandithina kwambiri, Gogo. Ndikamuyang'ana Tayiga ndimaona bambo anga atakhala pakhonde, ndiye ndikuopa kuti mwina ndikumusunga chifukwa cha ine mwini osati chifukwa cha iye. Ndiuzeni mosabisa: ndipirire naye mpaka liti ndisanavomereze kuti apite? Msuweni wangayo akubwera kutauni kumapeto kwa mwezi uno ndipo akufuna yankho.

Ine wanu,
Mayi wodandaula,
Chilomoni, Blantyre