Usandilire ndili moyo

Mabvuku, Harare

Mwana wanga wokondedwa,

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni sukundipatsa mpata. Ndikangoyamba kufotokoza, iwe wayamba kale za tikiti ya basi ndi zosiya ntchito ku Johannesburg. Khala pansi uwerenge mofatsa, ukatha uwawerengerenso mayi a ana.

Ine ndilibe khansa. Chimene adokotala apeza m'magazi mwanga amachitcha MGUS. M'mafuta a m'mafupa muli maselo amene amapanga zotetezera thupi ku matenda. Mwa ine kagulu kamodzi ka maselo amenewa kachulukana kuposa muyeso, ndipo kakutulutsa puloteni yamtundu umodzi yopanda ntchito. Puloteniyo ndiyo inaonekera pamene ankandiyeza magazi pa nkhani ina. Kenako anandigoneka chammbali, nkundibaya singano yaikulu pafupa la m'chiuno chakumbuyo kuti akoke timafuta pang'ono. Mlongo wako anandigwira dzanja mpaka zala zake zinachita dzanzi. Zotsatira zinasonyeza kuti maselowo sanafike 10 pa 100 alionse, puloteniyo ili pansi pa magalamu 30 pa lita imodzi ya magazi, impso zili bwino, mafupa ali bwino, magazi ndi okwanira. Zikakhala choncho, si myeloma, khansa ija wakhala ukuwerenga usiku wonse pa intaneti.

Sindikubisira: vutoli likhoza kusanduka khansa imeneyo. Koma pa anthu 100 amene ali nalo, pafupifupi mmodzi yekha pachaka ndiye zimamuchitikira. Ambiri amakalamba nalo mpaka kudzapita ndi zina. Ndipo si lachilendo. Kafukufuku wa ku America anapeza kuti pa anthu 100 opitirira zaka 50, atatu ali nalo, ndipo opitirira zaka 70 ndi asanu. Mwa ife anthu akuda limapezeka kawiri kapena kuposa apo. Ndikakhala pakati pa amayi anzanga a Chigwirizano Lachinayi, ndimadziwa kuti mwina wina mwa iwo ali nalo, kungoti sanayezedwe.

Chimene chakupweteka kwambiri, ndamva m'mawu ako, nchakuti sanandipatse mankhwala. Ukuganiza kuti andinyalanyaza poona kuti ndine nkhalamba. Ayi. Kulikonse padziko, ngakhale kumene kuli ndalama zambiri, MGUS saipatsira mankhwala a khansa, chifukwa mankhwalawo angawononge thupi lomwe likuyenda bwinobwino popanda phindu looneka. Ntchito yake ndi kuyang'anira. Zili ngati khala lomwe lili pansi pa phulusa: sugwetsa nyumba chifukwa cha ilo, koma suchoka osaliyang'ana.

Ndiye maufa ndi mabotolo aja akuti otsuka magazi, amene ukufuna kutumiza ndi madalaivala, usagule. Amene amagulitsa zimenezo sanaonepo mapepala anga. Puloteni imeneyi ikachuluka imalemetsa impso, ndipo sindikufuna kuzisenzetsanso katundu wina wosadziwika. Ngakhale mapiritsi a ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, amene anthu amangogula patebulo m'misika, adokotala andiuza kuti ndiwapewe. Mawondo akavuta ndimamwa paracetamol basi.

Ukafuna kundithandiza, thandiza apa. Andiuza kuti ndikayezetsenso pakatha miyezi 6, ndipo zikakhala kuti sizinasinthe, kamodzi pachaka, moyo wanga wonse. Ukudziwa mmene zinthu zilili kuno, kuyeza kotere kumafuna madola m'manja. Mantha akowa adzazirala, ndikudziwa, chifukwa munthu sakhala ndi mantha zaka zisanu. Chimene ndikuopa ndi chaka chachitatu kapena chachinayi, pamene tonse tidzakhale titazolowera, fizi ya ana itakwera, nkumati amayi ali bwino, adzayezetsa chaka chamawa. Pamenepo ndiye pangozi. Uzipatula kangachepe mwezi ndi mwezi, nthawi ikakwana utumize pa Mukuru, ndipo undikumbutse tsiku ngakhale nditachita ulesi. Mapepala onse ndawaika mu envulopu yakhaki m'sutikesi ya malemu bambo ako. Ndikalandira atsopano, mlongo wako azijambula nkukutumizira pa WhatsApp, kuti nawenso uzitha kuona ngati nambala ya puloteni ija ikukwera.

Palinso zizindikiro zimene sitiyenera kudikira nazo tsiku lokaonana ndi dokotala. Msana kapena nthiti zikayamba kuwawa mosalekeza, makamaka ululu wosamva kupuma, ndikayamba kufooka ndi kupuma movutikira pa ntchito yaing'ono, ludzu losatha, kudzimbidwa, mutu kusokonezeka, kudwaladwala zifuwa, kuonda popanda chifukwa. Ine ndimadziwa mtima wanga, ndikhoza kubisa poopa kukuvutitsani. Nchifukwa chake ndamuuza mlongo wako pamaso panga kuti akaona chimodzi mwa zimenezi asandifunse maganizo, angondikweza kombi kupita kuchipatala. Iwenso ukamaimba, usamangoti muli bwanji. Funsa za msana.

Achibale a ku Dedza usawauze kuti ndikudwala khansa. Uthenga wotere ukafika kumudzi umafika utakula, ndipo azakhali ako ayamba kusaka amene wandilodza. Palibe anandichita chipongwe. Vutoli silipatsirana, ndipo silibwera chifukwa cha chakudya chimene ndinadya.

Za iwe mwini: ana ndi abale a munthu amene ali ndi MGUS amakhala pa chiopsezo chokulirapo kuposa ena. Si zoti uthamangire kuchipatala mawa, koma ukamayandikira zaka 50, dokotala wako adziwe kuti mayi ako ali nayo.

Pali masiku amene tulo timandithawa, ndimangoganiza kuti kodi mmodzi pa 100 uja sindikhala ine chaka chino. Ndimadzuka, nkupemphera, nkugonanso. Koma kukacha ndikufuna khasu langa. Kamunda kaja ka kuseri kwa nyumba ndikalima chaka chino, ndipo usamuuze mlongo wako kuti andilande khasu, chifukwa kuyenda ndi kugwira ntchito kumalimbitsa mafupa amene tikuwaderawo nkhawa.

Ntchito yako usasiye. Ubwere pa Khirisimasi monga tinapanganira, adzukulu anga ubwere nawo onse. Uwapatse moni mayi a ana.

Ndine,
Mayi ako