Tisanasayine inshuwalansi ya mbewu tizifunsa komwe amayezera mvula

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzi yathuyi ndiyankhule ndi alimi anzanga pa nkhani ya inshuwalansi ya mbewu, poti nthawi yotenga ngongole za zipangizo m'makalabu yayandikira ndipo anyamata a mafomu ayamba kale kuzungulira m'midzimu.

Ine ndimalima chimanga ndi mtedza pa maekala atatu kuno ku Bwanje m'boma la Ntcheu, ndipo ndine mmodzi wa omwe tinapsa mu sizoni ya 2023/24 ija ya El Niño. Kalabu yathu inatenga ngongole ya mbewu ndi feteleza, mkati mwakemo anaphatikizamo inshuwalansi, akuti kukachita chilala musadandaule mudzapukutidwa misozi. Tinasayina, ena anadinda chala, palibe olo mmodzi anafunsa funso chifukwa maso onse anali pa matumba a feteleza, mukukumbuka mmene mitengo inalusira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndiye ng'amba inabwera chimanga chitangotsala pang'ono kumasula ngayaye, masamba anapotana ngati a anyezi, ikamakwana 10 koloko m'mawa munda wonse mbuu, ukapisa chala pa mzere dothi lotentha ngati phulusa la pamoto. Mayi a kunyumba amangoima m'mphepete mwa munda manja ali kunkhongo. Chomwe tinakolola sichinadzadze ngolo.

Titapita kukafunsa, mnyamata wa inshuwalansiyo anatsegula laputopu nkutionetsa manambala, akuti malinga ndi zomwe anayeza dera lathu mvula inaperewera pang'ono chabe ndiye ndalama yake ndi yochepa, ndipo yochepayo inapita kukadula ngongole, m'manja mwathu simunalowe olo tambala. Mtima unandiwawa kwambiri koma nditakhala pansi ndinaona kuti zonsezi zinalembedwa pa pepala lomwe tinasayina lija, kungoti linali la m'Chingerezi ndipo palibe anatimasulira.

Apa ndi pomwe ndikufuna anzanga mumvetse. Inshuwalansi yambiri yomwe amatigulitsa ife alimi ang'onoang'ono si yoti munthu amabwera kudzaona munda wako ayi, amatengera mvula yomwe yayezedwa pa siteshoni ya zanyengo kapena pa satelayiti, ikachepa kufika pa mulingo womwe anagwirizana amalipira aliyense wa m'deralo, ikapanda kufika pamenepo ndiye basi olo munda wako utauma gwa. Ubwino wake ndi wotchipa komanso sipakhala zokangana ndi woyendera minda, koma tonse tikudziwa mvula ya masiku ano, imagwa tsidya lija kuno dzuwa likuswa mtengo. Pomwe inshuwalansi yamtunduwu inkayesedwa koyamba kuno ku Malawi mu 2005 ndi alimi a mtedza a bungwe la NASFAM, ankatenga okhawo omwe minda yawo ili pafupi ndi siteshoni, chifukwa ankadziwa kuti ukatalikira manambala sagwirizana ndi za m'munda. Olo boma lenilenilo linakumana nazo mu 2016, linagula inshuwalansi ya chilala ku African Risk Capacity, bungwe lomwe limagulitsa inshuwalansi ku maboma a mu Africa, koma poyamba makina anaonetsa ngati anthu ovutika ndi ochepa chifukwa anawerengera mtundu wa chimanga wosiyana ndi womwe alimi anadzala, mpaka anachita kuunikanso ndi pomwe ndalama pafupifupi madola 8 miliyoni zinatuluka mochedwa. Nanga ngati zinavuta kwa akuluakulu okhala ndi akatswiri, kuli bwanji ife a khasu?

Sindikunena kuti inshuwalansi ndi yoipa, ine chaka chino ndigulanso, chifukwa munthu amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akukokolola minda ku Phalombe ndi ku Mulanje kenako chaka chotsatira maboma 23 nkulengezedwa kuti ali pa ngozi ya chilala sangamalime mongodalira mwayi. Koma kutchipa kokha kusatikope. Funsani kuti siteshoni yake ili kuti, ndi makilomita angati kuchokera pamudzi panu, ndipo amayamba kuwerenga mvula tsiku liti nkusiya liti, chifukwa ukadzala mochedwa ng'amba itha kukupeza masiku a pangano atatha kale. Funsaninso ngati ikuteteza chilala chokha kapena ndi madzi osefukira omwe, nanga mbozi zija zinatisautsa kuyambira 2017 zilimo? Nthawi zambiri sizikhalamo. Anzathu a fodya ku Kasungu ndi ku Dowa inu nkhani yanu ndi matalala, mphepo ndi moto wa pa chigafa kapena mu balani, imeneyo amabwera kudzaona ndithu koma pamakhala masiku ochepa oti ukhale utanena, ukachedwa amakana, komanso pamakhala kagawo kena ka chiwonongeko komwe umasenza wekha, muzifunsa kuti ndi kochuluka bwanji.

Chinanso chomwe chinatipweteka ife, muzifunsa kuti ndalama ikatuluka ikupita kwa ndani. Inshuwalansi yolowa mu ngongole kawirikawiri imateteza wokongozayo kaye, ndipo imabweza mtengo wa zipangizo osati wa zokolola zomwe mumayembekeza, ndiye osaganiza kuti mudzagulira chimanga cha chaka chonse.

Pempho langa kwa a Reserve Bank, poti ndi omwe amapereka ziphaso nkumayang'anira makampani a inshuwalansi, alamule kuti pepala la pangano lizilembedwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, lalifupi, ndipo mlimi aliyense azitsala ndi kope lake ndi lisiti osati zonse kusungidwa ndi tcheyamani wa kalabu. Alangizi athu nawonso aphunzitsidwe nkhaniyi kuti pa tsiku losayina azikhalapo. Kalabu yathu tagwirizana kale kuti wa mafomu akabwera tikhala naye pansi pa mtengo wa mango, mlembi wathu awerenge mzere ndi mzere, ndipo akalephera kutiuza komwe kuli choyezera mvula tikafunsa kampani ina.

Mlimi wokhudzidwa,
Bwanje, Ntcheu