Kwaya zathu ziphunzirenso kumvetsera

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za nyimbo zija amati classical, zomwe ambirife tikangomva vayolini timathamangira kusintha siteshoni nkumati izi nza azungu kapena nzapamaliro.

Ine ndaphunzitsa kwaya kutchalitchi kwathu zaka zambiri ndithu, ndipo Hallelujah ya Handel, katswiri wakale wopeka nyimbo wa ku Ulaya, taiimba kambirimbiri pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, ndi ma doh re mi athu aja olemba ndi choko pabolodi, ma soprano kukweza mpaka mitsempha ya pakhosi kuonekera. Koma kunena zoona nyimbo yonseyo ndinali ndisanaimvepo. Mwana wanga ndi amene anandiikira pa foni chaka chatha, usiku magetsi atazima, ine ndagona pamphasa pakhonde foni ili pachifuwa. Mpamene ndinadziwa kuti Hallelujah ndi kachigawo chabe ka nyimbo yaikulu yotchedwa Messiah yomwe imatenga maola awiri ndi kuposera, ndipo imabwera kumapeto kwa gawo lachiwiri munthu utadutsa kale m'masautso a Yesu, pena paja wa alto amaimba yekha motsitsa za kunyozedwa kwake ine misozi inalengeza, ndiye ikamafika Hallelujah ndi malipenga ndi ng'oma zake mtima umachita kudumpha chifukwa wadikira nthawi yaitali. Handel analemba Messiah mu 1741 m'masiku 24 okha, inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742, ndipo ndalama za pakhomo zinapita kwa odwala ndi kwa anthu omangidwa chifukwa cha ngongole.

Pa pulakatisi yotsatira ndinawakhazika pansi onse, ndati lero sitiyamba nkuimba, timvetsere kaye. Anyamata a besi anayamba ndi kuseka, ena kusuzumira mafoni. Koma patapita kanthawi munali zii, ndipo kamtsikana kena ka Fomu 2 kanati mawuwa akulandizana ngati mmene amachitira amayi pa chimtali, wina kutsogolera ena kuvomera. Palibe anamuuza zimenezo, anazimva ndi makutu ake. Kuchokera tsiku limenelo ma tenor anasiya kupikisana ndi anzawo, amadikira nthawi yawo.

Chikundiwawa nchakuti kusukulu ana akuloweza manotsi a Expressive Arts kuti akhoze mayeso, atha kukulemberani kuti bangwe ndi chida cha zingwe koma kulira kwake sanakumvepo, kaligo ndi mangolongondo chimodzimodzi. Ndiye vuto si la Handel yekha, ngakhale nyimbo za agogo athu tikuzitaya mwanjira yomweyo.

Pempho langa kwa a mawailesi, tipatseniko ngakhale theka la ola Lamulungu madzulo, wina azifotokoza m'Chichewa kuti apa mverani chitoliro, apa akulowa mabesi, sabata ino Handel, sabata yamawa woimba bangwe wakumudzi. Akwaya anga ndiwauza ndekha kuti atchere.

Mphunzitsi wa kwaya,
Zomba