Kalata kwa mwana wanga pa nkhani ya SMITE

Mwana wanga wokondedwa,

Ndinafika bwino kumudzi. Mayi ako akuti moni kwa iwe, kwa apongozi ndi kwa mdzukulu wathu. Pali nkhani imene ndinaisunga mumtima masabata atatu onse amene ndinakhala kwanu ku Johannesburg. Sindinafune kuitchula akazi ako akumva, poti bambo wa nyumba sadzudzulidwa pakhomo pake.

Ndi za masewera ako a pa intaneti aja a SMITE. Usaganize kuti ndikuwanyoza. Usiku umene unandikhazika pambali pako ndinatchera khutu. Unati mumakhala asanu mbali ino, asanu mbali inayo, aliyense atasankha mulungu wake, kaya Zeus, kaya Thor, kaya Anubis, ndipo mumadutsa njira zitatu, kugwetsa nsanja za adani, kenako mbalame yamoto yotchedwa Phoenix, mpaka mutapha chimphona chawo chotchedwa Titan. Ndinaonamo nzeru ngati za bawo, pomwe wothamangira kudya ndi amene amadyedwa. Chinandikondweretsa kwambiri n'chakuti iwe umakonda malo a support, kuima kutsogolo n'kumalandira mikwingwirima kuti mnzako akule mphamvu. Ndi mmene unalili kuyambira kale, pamene unkaperekeza mlongo wako kusukulu kuti anyamata asamuvutitse.

Tsono Lachinayi lija mwana anatentha thupi. Akazi ako anakuitana kawiri kuchokera kuchipinda, iwe n'kuyankha kuti sizitheka kuimitsa, ukubwera. Sunaname ayi. Masewerawa saima, chifukwa muli anthu ena asanu ndi anayi amene akusewera nthawi yomweyo, ndipo Conquest imodzi, nkhondo ya njira zitatu ija, imatenga theka la ola, nthawi zina kupitirira. Ukachoka pakati, anzako amatsala anayi kulimbana ndi asanu, ndipo iwe umalangidwa, osaloledwa kulowanso kwa kanthawi. Anawapanga dala choncho kuti munthu achite manyazi kuthawa anzake. Koma usiku umenewo amene anatsala yekha ndi mayi wa mwana wako. Ndinadzuka ine kukatenga kansalu ndi madzi. Apongozi anandithokoza atawerama, osandiyang'ana kumaso, ndipo ndinadziwa kuti akuchita manyazi m'malo mwako. Zinandipweteka, mwana wanga. Anthu anayi amene sunawaonepo nkhope unawasungira pangano, koma amene unalumbira naye pamaso pa ankhoswe anadikira mphindi makumi awiri.

Sindikuti uleke. Ndikuti uziganiza usanadine batani lolowera, poti ukalowa wamangidwa kale. Funsa kaye ngati mwana wagona, ngati pali chofunika manja ako. Gwirizanani ndi akazi ako masiku ako osewera, ndipo iwonso akhale ndi nthawi yawo yopuma, iwe uli ndi mwana. Nthawi ikachepa, sewera Arena, mtundu wina wa masewerawa umene unandionetsa uja, wosachedwa kutha. Ndipo tsiku limene adzakuitanenso ndi mawu ngati aja, chotsa mahedifoni, imirira, chilangocho uchilandire. Anzakowo mawa adzapeza wina.

Unandiuza za mpikisano wa dziko lonse wa 2015 ku Atlanta, umene mphotho zake zinapitirira madola 2.6 miliyoni. N'zoona, koma kwa anyamata amenewo kusewera ndiye kunali ntchito. Iwe ntchito uli nayo. Ndalama zogulira ma gems, omwe umagulira milunguyo zovala m'masewerawo, zisamatuluke mobisa. Uziwauza akazi ako.

Mayi ako atamva kuti muli milungu anada nkhawa. Ndawatsimikizira kuti supembedza chilichonse m'menemo, ndipo mtima wawo wakhala pansi. Nkhawa yanga ndi ya pakamwa pako. Zeus anamusiya ambiri kalekale, koma Kali ndi Ganesha amapembedzedwa ndi Ahindu lero lino, ndipo mu 2012, masewerawa asanatuluke n'komwe mokwanira mu 2014, atsogoleri ena a Chihindu anadandaula kwa a Hi-Rez Studios, kampani imene inawapanga, ndi mmene anamujambulira Kali. Olorun ndi Yemoja ndi a Ayoruba a ku Nigeria. Ndinakumva ukutukwana dzina la Kali pamene anakupha. Mumzinda umene ukukhalamo muli Ahindu ndi anthu a ku Nigeria ambiri, ena mwina umagwira nawo ntchito. Taganizira anthu a ku Nsanje atamva mlendo akutukwana Mbona wa ku Khulubvi chifukwa cha masewera. Mwana wako akuyamba kugwira mawu tsopano, ndipo amakhala pafupi ndi mpando wakowo.

Kalatayi usawaonetse apongozi ngati sufuna. Koma ukawapepese za Lachinayi lija, ndi mawu ako, osati anga. Ndidzakuimbira Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, undiuze mmene mdzukulu wanga akupezera.

Ndine bambo ako.