Vuto la atolankhani a magemu ndi ndalama, nanga amayi analakwanji?

Mkonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhulepo pa nkhani imene ambiri amaiyesa yachibwana, ya mmene atolankhani amalembera za magemu a pakompyuta komanso mmene magemuwo amaonetsera akazi. Ana athu amatha tsiku lathunthu akusewera FIFA ndi GTA m'tinyumba ta magemu kapena pafoni, ndiye tisamati nzakutali.

Kuti ndalama zimaononga utolankhani wa magemu, palibe angatsutse. Mu 2007, tsamba la ku America lolemba za magemu la GameSpot linachotsa ntchito mtolankhani wake Jeff Gerstmann atangopatsa gemu ya Kane & Lynch: Dead Men mapointi 6 pa 10, nthawi yomwe tsambalo linali mbwee ndi zotsatsa malonda za gemu yomweyo kuchokera ku kampani ya Eidos. Mu 2012 ndi pomwe mkuluyu anaulula kuti mabwana ake anagonja ataopsezedwa kuti ndalama za malonda zichotsedwa. Mu 2015 tsamba la Kotaku nalo linanena poyera kuti makampani a Bethesda ndi Ubisoft anasiya kuliyankha ndi kulitumizira magemu chifukwa linafalitsa zinsinsi zawo. Ife tikuchidziwa chipondamthengo, tikudziwanso kuti wolandira envulopu cholembera chake chimafewa. Kumenekonso nzomwezo, kungoti envulopu yake ndi malonda, maulendo aulere ndi mwayi wosewera gemu isanatuluke.

Chimene chimandiwawa nchakuti mkwiyo utabuka mu Ogasiti 2014, pansi pa dzina la Gamergate, sunapite kwa makampani amenewa. Unayamba ndi munthu amene analemba pa intaneti zoipitsa Zoë Quinn, yemwe anapanga kagemu ka Depression Quest, chibwenzi chawo chitatha. Mphekesera inafala kuti Quinn ankagona ndi mtolankhani wa Kotaku kuti gemu yake iyamikiridwe. Ndemanga yoyamikirayo inafufuzidwa, ndipo kunalibe. Komabe adiresi yake inamwazidwa pa intaneti, mauthenga oopseza kumupha ndi kumugwiririra anabwera ngati mvula, mpaka anathawa pakhomo. Brianna Wu, mayi wopanga magemu, nayenso anathawa kwawo ataopsezedwa mu Okutobala chaka chomwecho. Tsono kagemu kaulere ka munthu wopanda chuma kangagule mtolankhani uti? Eni mabiliyoni anagona tulo tabwino, pamene ofuula kuti "chilungamo pa utolankhani" ankasakasaka nyumba za anthuwa.

Za Anita Sarkeesian ndiye zimandimvetsa chisoni kwambiri. Mu 2012 anapempha madola 6,000 pa Kickstarter, tsamba losonkhanitsira ndalama pa intaneti, kuti ajambule mavidiyo ounika mmene magemu amaonetsera akazi, anthu nkumupatsa pafupifupi 160,000. Mlandu wake unali kuloza zinthu zoti aliyense wogwira kontirola amaziona. Kuyambira 1985, m'magemu a Super Mario, Princess Peach ntchito yake yaikulu yakhala kubedwa kuti Mario akamupulumutse. Mu gemu ya Metroid ya 1986, ngwazi yaikazi Samus Aran amamenya nkhondo atavala zida thupi lonse, koma ukamaliza gemu mwachangu mphotho yako nkumuona atavala kabikini. Mu GTA, wosewera atha kulipira mkazi woyendayenda, kenaka nkumupha, nkutolanso ndalama ija pansi. Mnyamata wa zaka 12 akaona anzake akuombera m'manja zimenezi, amatolapo chiyani? Sindikunena kuti gemu imasandutsa mwana chigawenga. Ndikuti funsoli ndi loyenera kufunsidwa, ndipo wolifunsa sayenera kuopa imfa. Mu Okutobala 2014 Sarkeesian analephera kukalankhula pa Utah State University ku America chifukwa wina analonjeza kudzaombera anthu, ndipo malamulo a ku Utah sankalola apolisi kuletsa anthu a ziphaso kulowa ndi mfuti.

Ena amati wotsutsa maonekedwe a akazi m'magemu akulowetsa ndale m'masewera. Ine ndikukana. Wolemba amene amayeza kukongola kwa zithunzi ndi liwiro la gemu koma nkutseka maso pa zomwe gemuyo ikunena za anthu, wagwira theka la ntchito. Ndipo kudzudzula kumapindula: FIFA 16 inaika matimu a amayi mu 2015, ndipo Horizon Zero Dawn ya 2017, yomwe ngwazi yake ndi mtsikana Aloy, inagulidwa ndi anthu mamiliyoni.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi ili: mukamalemba za magemu, mafoni ndi zina zotere, muzitiuza ngati chinthucho mwapatsidwa ulere kapena ngati kampaniyo imatsatsa malonda kwa inu. Ndipo mtolankhani wanu wamkazi akayamba kutukwanidwa pa Facebook chifukwa cha zomwe walemba, musamusiye yekha. Fufutani zotukwanazo, sungani umboni wa zoopseza, mupite naye kupolisi.

Ine wanu,
Kholo lokhudzidwa, Lilongwe