Za wotchi ukufuna kutenga pa ngongoleyo

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza, ndipo usamukalipire chifukwa ndachita kumuumiriza. Akuti adokotala akupeza ndi BP yokwera, akuuza kuti uziyenda, iwe n'kuthamangira kukaona wotchi yowerenga masitepe, yoti uzilipira mwezi ndi mwezi. Za BP sindinadabwe. Ili m'magazi mwathu, ndipo pa ntchito yanga ya unamwino ndinaona anthu ambiri akukalamba nayo bwinobwino. Chandisowetsa tulo ndi ngongoleyo.

Apple Watch, iwe amene foni yako ndi Samsung? Mnzako akukunyengererayo wakuuza kuti wotchi imeneyo imafuna iPhone? Ukasaina pepala loyamba, lachiwiri likhala likukudikira pakhomo. Mnyamatayo ndinamuona pa maliro a malume ako, tsiku lonse akuonetsa anthu zapamkono, ndipo mtima wanga sunamulandire. Iye alibe mwana wa sukulu. Iwe uli nawo.

Tamvera. M'kati mwa tiwotchi tonseti, todula ndi totchipa tomwe, muli kachipangizo kamene kamamva kugwedezeka kwa mkono, n'kumaganizira kuti waponda. Ukamachapa kapena kutsuka mbale kakhoza kukuwonjezera masitepe uli chiimire. Ukamakankha trolley m'sitolo, dzanja lili phee pa chogwirira, kamaphonya ambiri. Ndiye ndalama zambirizo ukugula chiyani? Foni ili m'thumba mwakoyo imawerenga kale. Tsegula pulogalamu ya Samsung Health m'foniyo, uyende nayo mwezi wathunthu. Ukaona kuti ukuyendadi, tikambirane.

Ukumbukira wailesi ya makaseti ija? Bambo ako anaibweretsa madzulo ataikulunga m'nyuzi, nkhope ili ngwee, inu ana mukuvina pakhonde. Inali ya katapila. Tisanakolole n'komwe, mwini ndalama anabwera m'mawa, osalankhula zambiri, n'kukankha njinga ya bambo ako kutuluka nayo pa geti anthu akuona. Iwe unalira chifukwa unkaganiza kuti ndi wakuba. Kuyambira pamenepo bambo ako ankapita ku ntchito wapansi, kuchoka ku Chinamwali mpaka m'tauni ya Zomba, ndipo sanadandaulepo pamaso panu. Ine ndi amene ndinkamva kuusa moyo kwawo usiku. Sindifuna mkazi wako adzamve zomwezo.

Ngati mtima wakakamira kuti pamkono pakhale kanthu, pali timalamba ta Xiaomi kapena Huawei. Ndalama ya Apple Watch imodzi ungagulire timeneti tingapo, chenji n'kutsala. Batire yake imatha sabata kapena kuposerapo, pomwe yodulayo imafuna kutchajidwa pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ndikukudziwa iwe, udzaiiwala pa tchaja. Funsa ngati kakugwirizana ndi foni yako. Ona pa bokosi ngati palembedwa 5 ATM, kuti thukuta ndi mvula zisakaononge. Funsanso ngati lamba wake amapezeka payekha, chifukwa choyamba kuduka ndi lambayo. Ndamva kuti mtundu wina wotchedwa Fitbit uli ndi zina zolipira mwezi ndi mwezi, zoterozo usazilowe. Ulipire kashi, utenge risiti, uisunge. Kashi, mwana wanga. Ngati ndalamayo palibe mwezi uno, ndiye kuti wotchiyo si ya mwezi uno.

Koma usathawire ku timawotchi topanda dzina tapamsewu tija, tolonjeza kuyeza BP ndi shuga zomwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kagetsi kobiriwira kali kunsi kwa wotchi kamathandiza kuwerenga kugunda kwa mtima, koma BP yodalirika imayezedwa ndi lamba wopopa uja wa pamwamba pa chigongono, utakhala pansi, utapuma kaye, mapazi ali pansi. Apa ndikulankhula zimene manja angawa anagwira. Chimene ndikuopa n'choti kawotchi kakuuze kuti zili bwino, iwe n'kusiya mankhwala. Usasiye. Ndalama wapulumutsayo ukagulire makina a BP ku famase, ndiwo akufunika m'nyumba mwako.

Za masitepe 10,000 zisakupanikize. Nambala imeneyo inatchuka ndi kampani ina ya ku Japan imene inkatsatsa kachipangizo kake mu 1965. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena za kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 masiku asanu, kuyenda kwa ndawala koti mtima ugundeko. Tsika taxi patali pang'ono ndi ku ntchito. Mchere uchepetse, ndipo mowa wa Loweruka uja usaganize kuti sindikuudziwa. Uziyenda kukuwala, chonde. Ku Johannesburg kuyenda ndi chinthu chonyezimira pamkono n'kudziitanira atsotsi, ndiye udzapezeka ukulipirabe wotchi imene wavala ndi wina.

Ndakukalipira, koma ndakondwa kuti unapita kuchipatala wekha osadikira kugwa. Bambo ako sakanapita. Ngati wasaina kale, usandibisire, undiuze tione chochita. Ngati sunasaine, usasaine.

Undiimbire Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, undiwerengere manambala a BP amene analemba pa khadi. Upereke moni kwa mpongozi wanga ndi adzukulu anga.

Ine,
mayi ako